Mmene mungakonzere bwalo la ndakatulo pakhomo ku Chitipa

Mwana wa ku Kameme kapena ku Nthalire amamvera ndakatulo za Robert Chiwamba pa wailesi ndi pa foni, koma malo oti alakatule zake pamaso pa anthu amasowa. Zochitika zikuluzikulu za alakatuli zimathera ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Komatu ndakatulo sizilira holo. Pabwalo la nyumba yanu ndi pokwanira, ndipo mabanja atatu kapena anayi atagwirizana akhoza kukonza zonse popanda kutaya ndalama zambiri.

Sankhani tsiku m'chilimwe, anthu atakolola. Yambani cha m'ma 2 koloko masana kuti mutseke dzuwa lisanalowe, popeza ana ndi atsikana abwerera wapansi, komanso mu Juni ndi Julayi kuzizira kwa kuno, makamaka ku mapiri a Misuku, kumabalalitsa anthu msanga. Adziwitseni amfumu pasadakhale, ndipo muwaitane. Mikeka ndi mabenchi obwereka kutchalitchi zikwanira. Sipika ya Bluetooth ikapezeka itchajeni pa sola dzulo lake, koma pa anthu 40 mawu a pakamwa amamveka bwinobwino.

Gawo loyamba likhale lotsegukira aliyense, lomwe m'tauni amati open mic. Woyendetsa mwambo alembe mayina mu kope anthu akamafika. Apa palibe kupikisana. Agogo akafuna kunena mwambi kapena ndakatulo yotamanda mtundu wawo, apatseni mpata. Musayambitse mwana wamanyazi. Ayambe wolimba mtima, wamanyaziyo abwere wachitatu kapena wachinayi, manja atayamba kale kuwombedwa.

Gawo lachiwiri ndilo mpikisano wa slam. Anauyambitsa Marc Smith, mmisiri wa zomangamanga wa ku Chicago, ndipo mu 1986 unakhazikika pamalo otchedwa Green Mill. Malamulo ake ndi ochepa: ndakatulo ikhale yopeka wekha, isapitirire mphindi 3, ndipo pasakhale ng'oma, gitala kapena zovala za sewero. Oweruza 5 amatengedwa pakati pa omvera, aliyense n'kupereka malikisi kuyambira 0 mpaka 10. Malikisi apamwamba kwambiri ndi otsikitsitsa amatayidwa, atatu otsalawo n'kuwonkhetsedwa. Lamulo lomalizali musalisiye, chifukwa ndi limene limathetsa mphamvu ya woweruza wokondera mphwake. Dulani makatoni, oweruza azilembapo ndi choko n'kukweza onse nthawi imodzi, wina asaonere mnzake. Munthu mmodzi asunge nthawi pa foni.

Pamene pafunika nzeru za kuno ndi pa chiyankhulo. Chitipa ndi boma limene pamsika umodzi umamva Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chimambwe, Chinamwanga ndi Chitumbuka, osaiwala Chiswahili ndi Chibemba zochokera kutsidya kwa malire. Mukangosiya osanenapo kanthu, ana onse adzalakatula m'Chichewa kapena m'Chingerezi, poganiza kuti ndakatulo yeniyeni ndi yofanana ndi ya pa wailesi. Ine ndimaona kuti kumeneko n'kutaya chuma chenicheni cha bomali. Lengezani poitana anthu kuti chiyankhulo chilichonse n'chololedwa. Posankha oweruza, onetsetsani kuti sakuchokera mtundu umodzi, ndipo ena mwa iwo amamva ziyankhulo zingapo. Anthu otere kuno sasowa. Mlakatuli asanayambe, anene mwachidule m'Chitumbuka kapena m'Chichewa chimene ndakatulo yake ikukamba, ndipo wosunga nthawi asawerengere mawu amenewo. Akatero alakatule m'chiyankhulo cha amayi ake osamasuliranso. Woweruza amene sakumva mawu onse aweruze zimene akutha kuziona ndi kuzimva: ngati mwanayo waloweza, kakwezedwe ndi katsitsidwe ka mawu ake, ndi mmene eni chiyankhulocho akuyankhira.

Pa zokamba, ana alankhule momasuka za mtengo wa feteleza, maukwati a ana, mowa wa m'masacheti kapena abambo amene anapita ku Joni. Koma asatchule dzina la munthu wa m'mudzi, ndipo asanene aliyense kuti ndi mfiti. Lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kuloza munthu ufiti, ndipo tonse tikudziwa zimene zimagwera okalamba mawu otere akatuluka pagulu. Woyendetsa mwambo amvereko ndakatulo za ana aang'ono lisanafike tsikulo.

Makolo, musamulembere mwana. Mumvereni akamayeserera kuseri kwa nyumba, muwerengereni mphindi, basi. Mphoto ikhale kope ndi cholembera, osati ndalama, kuti pasabuke mkangano. Wofuna kujambula kanema ayambe wapempha mlakatuli, ndipo ngati ndi mwana apemphe makolo ake, asanatumize pa WhatsApp kapena Facebook. Musanabalalike, gwirizanani banja limene lidzalandire bwalo lotsatira ndi tsiku lake, ndipo kope la mayina liperekedwe kwa banja limenelo pomwepo.