Kwa Azakhali: Kachasu wa akamwini wakana kusanduka petulo

Azakhali,

Amuna anga amachita kabaza pa njinga yamoto. Chikwerereni mtengo wa petulo, akuti apanga mafuta awoawo. Amagula kachasu n'kumamutchezanso mobwerezabwereza, ati mpaka madzi onse achoke, patsale mowa wokhawokha wothira m'thanki. Nkhuni zatha, ndipo mphika wanga wa nyemba analanda. Kodi zimenezi zitheka?

Ndine wodandaula, ku Nkhotakota.

Mwana wanga,

Poyamba uziwanunkhiza m'kamwa akamwiniwo madzulo aliwonse. Ndikufuna ndidziwe ngati thanki ikudzazidwayo ili ndi matayala kapena miyendo.

Komatu nzeru yawoyo ili ndi pogwira. Mowa, umene asayansi amati ethanol, umawira pa madigiri 78, pomwe madzi amadikira mpaka 100. N'chifukwa chake nthunzi yoyamba kulowa mumpaipi imadzaza ndi mowa, ndipo mutu wa kachasu umagwetsa ngakhale zidakwa zotchuka. Ukatchezanso, ukali umakwera ndithu. Koma uli ndi polekezera. Mowa ukafika magawo pafupifupi 96 pa 100 alionse, nthunzi yotuluka imafanana ndendende ndi zotsala mumphika. Zikatero amati azeotrope: awiriwa amawirira limodzi, kuulukira limodzi, kudontheranso limodzi m'botolo. Akamwini angathe mitengo yonse ya m'boma lanulo, timadzi totsalato sitichoka. Nanga ndi mphika wa nyembawo, pa 96 pomwepo angafikepo? Aaa, ayi.

Banja lokanirirana chonchi silipasuka ndi moto, limapasuka ndi wachitatu. Mu 1902, katswiri wina wa ku England, Sydney Young, anathiramo mankhwala otchedwa benzene. Mlendoyu amakopa madzi aja n'kuthawa nawo munthunzi pa madigiri 65 okha, atatengako ndi mowa pang'ono, mowa wopanda madzi n'kutsala pansi uli wokhawokha. Nthunziyo ikazizira imagawikana pawiri, benzene pamwamba, madzi pansi, ndipo wopasula mabanjayo amabwezedwanso kuti akapasule ena. Khalidwe lake ndi loipadi, chifukwa benzene amayambitsa khansa ya m'magazi, moti ntchitoyo inaperekedwa kwa mnzake cyclohexane. Masiku ano mafakitale ambiri amangodutsitsa nthunzi ya mowa m'timibulu ta zeolite, tokhala ndi timabowo tating'onoting'ono tolowa madzi okha, mowa n'kupitirira.

Ufunsa kuti chovutikira chonchi n'chiyani pa timadzi tochepa. Petulo ndi madzi samvana. Madzi akachuluka m'thanki amakoka mowa uja n'kukakhala nawo pansi, injini n'kuyamba kutsokomola pachitunda, pasinjala ali pambuyo ndi thumba la mpunga. Dzimbiri nalo limabwera osaitanidwa.

Chondiseketsa ine n'chakuti ntchito akuvutika nayo kuseri kwa khitchiniyi ikugwiridwa kale kwanu komweko. Ku Dwangwa akhala akupanga ethanol kuchokera ku molasesi wotsala popanga shuga kuyambira 1982, ndipo kampani ya PressCane ku Chikwawa inayamba mu 2004. Ethanol ameneyu amasakanizidwa ndi petulo wa m'dziko muno. Uwauze akamwini kuti akafuna dzina la injiniya akafunsire ntchito kumeneko, ali bwinobwino osaledzera.

Pakadali pano mabotolowo uwachotse pafupi ndi mafuwa ndi denga la udzu, ana asawayandikire. Mowa waukali chonchi sumachedwa kugwira moto, ndipo lawi lake masana silioneka bwino. Sindikufuna kalata yachiwiri yondiuza kuti akamwini atsala opanda nsidze.

Ndine Azakhali ako.