Kusamutsira kope la ngongole za pa okala mu kompyuta

Pakhomo pomwe pali okala sipalephera kukhala kope la ngongole, ndipo masiku ano pamapezekanso mwana amene akuphunzira kulemba mapulogalamu. Mukafuna kuti ngongolezo muziziona pa intaneti, yambani ndi Django, pulogalamu yothandiza kupanga masamba a pa intaneti. Ndi yaulere, ndipo aliyense amaloledwa kuona momwe inalembedwera ngakhale kuisintha. Inatulutsidwa mu 2005 kuchokera ku nyuzipepala ya Lawrence Journal-World ya ku Kansas, ndipo imayendera Python. Gawo lake lotchedwa models ndi lomwe limasanja zinthu zosungidwa.

Musathamangire kompyuta. Khalani kaye pansi ndi amene amagulitsa pa okalapo, mutenge pepala, mulembe mitu itatu: Kasitomala, Ngongole, Zobweza. Dzina la munthu lilembedwe kamodzi kokha, pa Kasitomala. Apa ndi pofunika kudekha, chifukwa m'kope mumapeza tsamba lina palembedwa "mayi a kuseri", lina "aneba", linanso dzina la mwana amene anatumidwa sopo ndi mchere, chonsecho khomo ndi limodzi. Ngongole iliyonse iziloza mwini wake kudzera pa ForeignKey, ndipo muikepo on_delete=models.PROTECT kuti dzina lomwe lili ndi ngongole lisafufutike mwangozi.

Ndalama zisungidwe mu DecimalField osati FloatField, chifukwa yachiwiriyi imatha kuphonya matambala powonkhetsa. Nambala ya foni ikhale mu CharField; mukaiika ngati nambala yowerengera, 0 woyambirira uja amasowa. Ndalama yotsala musamailembe pamanja. Kompyuta izichotsera yokha zobweza pa ngongole, poti mikangano ya pa okala nthawi zambiri imabuka wina akasintha chiwerengero osauza mnzake.

Zimenezi zikalembedwa mu models.py, lembani python manage.py makemigrations, kenako python manage.py migrate. Mitu itatu ija muilembetse mu admin.py, mupange woyang'anira ndi createsuperuser, basi mwapeza tsamba lolembapo ngongole.

Poyamba zonse zimasungidwa mu fayilo imodzi, db.sqlite3. Muziikopera pa flash Loweruka lililonse mukatseka okala. Kope lakale lija musalitaye msanga. Mwezi woyamba muzilemba konsekonse mpaka ziwerengero zigwirizane. Ngongole ya munthu ndi chinsinsi chake, choncho pasiwedi aidziwe okhawo amene amagulitsa.