Mwana wa Shuga ndi Mtsuko wa Insulini

Mwana akamamwa madzi ludzu osatha, n'kumakodza pafupipafupi mpaka kunyowetsa mphasa, n'kumawonda chonsecho akudya bwino, makolo ambiri amathamangira kuganiza za malungo, ena za ufiti. Nthawi zina amakhala matenda a shuga.

Nsima ikagayidwa m'mimba imasanduka shuga m'magazi. Kuti shugayo alowe m'minofu n'kupatsa thupi mphamvu, pamafunika insulini, amene amapangidwa ndi kapamba. Mwa ana ambiri odwala shuga, kapamba amasiya ntchito imeneyi. Maswiti alibe mlandu, mayi ake alibenso mlandu. Mwanayo ayenera kubayidwa insulini tsiku lililonse moyo wake wonse. Woyamba kubayidwa anali Leonard Thompson, mnyamata wa zaka 14, ku Toronto mu 1922.

Ku Mzuzu, dokotala wa pachipatala chachikulu ku Luwinga angathe kuyeza magazi n'kulemba mankhwala. Koma mwana amabwerera kwawo ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa, ndipo jakisoni wa m'mawa amabayira komweko. Apa ndi pamene anthu odzipereka amafunika, makamaka amene akudwala shuga iwo eni. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, achinyamata a bungwe la AYUDA anayamba kuphunzitsa ana otere ku Ecuador. Kuno kwathu, bungwe la Diabetes Association of Malawi limasonkhanitsa odwala kuti aziphunzitsana.

Mwana woopa singano amalimba mtima akaona wodzipereka wodwala shuga akutsina khungu la pamimba n'kudzibaya nkhope ili gwa. Amaphunzira kusinthasintha pobaya, lero pamimba, mawa pantchafu, kuti pasatuluke zotupa.

Nanga panyumba popanda fuliji? Insulini amawonongeka akatenthedwa. Botolo la insulini amalikulunga m'pulasitiki, n'kuliika mumtsuko wadothi wokhala ndi mchenga wonyowa, pamthunzi. Madzi akamauma kudzera m'dothi, m'kati mumazizira, monga amachitira madzi akumwa a mumtsuko.

Phunziro lalikulu ndi la shuga wotsika. Mwana akabayidwa insulini koma osadya, kapena akasewera mpira kwambiri, amanjenjemera, kutuluka thukuta ndi kumva chizungulire. Apatsidwe msanga madzi osungunulamo masupuni ang'onoang'ono atatu a shuga, kenako adye chakudya. Aphunzitsi ake adziwenso zimenezi. Koma akakomoka asamwetsedwe kanthu, angatsamwe. Athamange naye kuchipatala.