Liwu limodzi, galimoto ziwiri: "folo bayi folo" ndi ma station wagon akale

M'nkhani ino ndikamba za galimoto zakale zija zotalika denga mpaka kumbuyo, zomwe pa Chingerezi amati station wagon, makamaka zomwe zimakoka ndi matayala onse anayi. Wina adzafunsa kuti wophunzira za chiyankhulo akufunanji ku galaja. Yankho langa n'lakuti pa malonda a galimoto zimenezi pali liwu limodzi lobwerekera lomwe limatchula zinthu ziwiri zosiyana, ndipo kusasiyanitsa kumeneku kumadyera anthu ndalama zambiri. Liwulo ndi "folo bayi folo".

Aliyense amene adaimapo pa magalaja a ku Biwi mu Lilongwe kapena a ku Ndirande mu Blantyre akudziwa kuti mawu ambiri a kumeneko ndi obwerekera. M'Chichewa phatikizo limathera ndi lembo la liwu, n'chifukwa chake diff adasanduka difu, shaft n'kukhala shafuti, gasket n'kukhala gasiketi. Pochulukitsa timangowonjezera ma-: matayala, mashafuti, mafyuzi. Izi timaziphunzira m'chaka choyamba. Chomwe sitichikamba kawirikawiri n'chakuti liwu likamawoloka, tanthauzo lake limatha kufutukuka kapena kufinyika. La "folo bayi folo" lidafutukuka. Lidabwera ndi Land Rover ndi Land Cruiser za boma, za mishoni ndi za mabungwe, kenaka lidayamba kutchula galimoto iliyonse yolembedwa 4WD kapena AWD kumbuyo kwake.

Kusiyana kwake

Galimoto ikamakhota, matayala a kutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa a kumbuyo. Ku galimoto za mtundu woyamba, monga mapikapu ambiri, dalaivala amachita kulowetsa yekha giya yokokera matayala onse, ndipo akatero kutsogolo ndi kumbuyo kumamangana n'kumazungulira mofanana. Pa matope zimenezi zilibe vuto chifukwa tayala limaterera. Pa tala amaitulutsa giyayo. Mtundu wachiwiri umakoka ndi matayala onse nthawi zonse, choncho pakati pake pamakhala chipangizo china, difu yapakati kapena zimbale zomwe zimagwirana ndi kutayana, cholola kuti kutsogolo ndi kumbuyo kusiyane pang'ono pokhota. Chipangizo chimenechi ndiye mwini nkhani. Sichioneka, ambiri alibe nacho dzina, ndipo chikafa n'chodula.

Mitundu iwiriyi idatsatana m'mbiri ya ma station wagon. M'chaka cha 1972 kampani ya Subaru idatulutsa Leone yokoka matayala onse, potsatira pempho la kampani ya magetsi ya Tohoku Electric Power yomwe inkafuna galimoto yoyendera pa chipale chofewa kumpoto kwa Japan. Imeneyo idali yochita kulowetsa. Sprinter Carib ya Toyota, yomwe idayamba mu 1982, nayonso idali yotero, koma ya mu 1988 idabwera yokoka nthawi zonse. Subaru Legacy idatuluka mu 1989, Toyota Caldina mu 1992, ndipo Outback, yomwe ndi Legacy yokwezedwa m'mwamba, mu 1994. Carib adasiya kupanga mu 2002, Caldina mu 2007. Choncho iliyonse mwa ziwirizi yomwe tikuiona pamsewu ndi nkhalamba.

Galimotozi zidatifika chifukwa ku Japan, monga kunonso, amayenda kumanzere kwa msewu, ndiye chiwongolero chili kumanja. Komanso lamulo la kumeneko loyeza galimoto, lotchedwa shaken, limafuna kuti galimoto yatsopano iyezedwe pakatha zaka 3, kenaka zaka 2 zilizonse, ndipo mtengo wake umachititsa eni ambiri kugulitsa galimoto ikadali yabwino. Zambiri zimatsikira ku Dar es Salaam n'kulowa pa Songwe ku Karonga, zina zimadzera ku Durban.

Pogula

Apa m'pomwe liwu lija limayamba kunyenga. Wogula akamva kuti "ndi folo bayi folo, bwana," m'mutu mwake mumabwera Land Cruiser. Koma Legacy wamba ndi yotsika ngati galimoto ina iliyonse yaing'ono: pansi pake patalikirana ndi nthaka ndi masentimita pafupifupi 15, pomwe Outback ili ndi pafupifupi 20. Pa msewu woterera wa dothi la katondo kapena pokwera phiri la Zomba mvula itagwa, galimoto zimenezi zimagwira bwino zedi. M'mizere yakuya yosiyidwa ndi malole a fodya zimakhalira mimba, matayala onse anayi n'kumazungulira m'malere. Ine ndimaona kuti ndi galimoto zoyenera mphunzitsi, mlangizi kapena wamalonda wokhala kumene tala adathera chapafupi, amene amanyamula matumba a chimanga limodzi ndi banja. Wofuna kuwoloka mitsinje afune zina.

Wogula ayenera kugwada n'kusuzumira pansi. Galimoto zokoka matayala onse zimagulidwa kwambiri kumadera a chipale monga Hokkaido ndi Tohoku, komwe amathira mchere m'misewu, ndipo mcherewo umadya chitsulo. Penti ikhoza kunyezimira pamwamba, pansi pali dzimbiri lokhalokha. Pepala la ku okushoni ya ku Japan limanena zimenezi mwa zilembo: S ndi dzimbiri, C ndi dzimbiri lomwe ladya kale chitsulo, ndipo giredi R ndi galimoto yomwe idachitapo ngozi n'kukonzedwa. Nachonso ndi chiyankhulo, ndipo wosachidziwa amagula mphaka m'thumba.

Pansi pomwepo aone ngati shafuti yaitali yopita ku difu ya kumbuyo ilipo. Ena amaichotsa ponena kuti akupulumutsa mafuta, ena pobisa matenda a chipangizo chapakati chija. Ku Subaru zakale zambiri za otomatiki kuli kabowo ka fyuzi kolembedwa FWD pansi pa boneti. Mukaikamo fyuzi, matayala a kumbuyo amasiya kukoka ndipo pa dashibodi pamayaka nyali. Adakaika kuti kathandize pa nthawi yochepa, monga poyendera tayala laling'ono la sipeya. Mukapeza fyuzi ili momwemo pa galimoto yogulitsa, funsani chifukwa chake. Ndiye muichotse, mupinde chiwongolero mpaka kumapeto, muzungulire pang'onopang'ono pa tala. Galimoto ikamanjanja kapena kudumphadumpha ngati ikukana, pakati pafa. Osaiwalanso kuti msonkho wa ku MRA umakwera malinga ndi zaka za galimoto ndi kukula kwa injini, kotero yotchipa pa intaneti siikhala yotchipa ikafika pa Songwe.

Matayala ndi masamu pang'ono

A malume anga ali ndi Carib yomwe adaigula ndili ku pulayimale, ndipo lamulo lawo ndi limodzi: matayala amagula anayi tsiku limodzi, a kampani imodzi, saizi imodzi. Anzawo amawaseka, poti chizolowezi chathu n'chogula tayala limodzi la kaunjika pomwe lina laphulika. Koma masamu ali kumbali yawo. Tayala la galimoto zotere likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mamita 2, ndiye kuti pa kilomita imodzi limazungulira ka 500. Mano a tayala latsopano amakhala pafupifupi mamilimita 8. Akatha n'kutsala 2, tayalalo limachepa kuzungulira kwake ndi masentimita pafupifupi 4. Tiyerekeze kuti kutsogolo kuli atsopano, kumbuyo kuli akuthawo. Pa kilomita iliyonse a kumbuyo azungulira ka 10 kuposa anzawo, ndipo pa ulendo wa makilomita 300, ngati wochoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre, kusiyanako kufika pa 3,000. Chipangizo chapakati, chomwe chidapangidwa kuti chizigwira ntchito pokhota pokha, chimaganiza kuti galimoto ikuterera ulendo wonsewo. Chimatentha, kenaka chimagwirana osatayananso. Pa chifukwa chomwechi galimoto yotere saikoka ndi bulekidauni matayala awiri ali m'mwamba, awiri ali pansi. Amaikweza yonse pa lole.

Liwu la difu, mosiyana ndi lija, lidafinyika. Amakaniko ambiri adaphunzirira pa mapikapu ndi maminibasi, choncho akati difu amatanthauza ya kumbuyo. Mukawafunsa kuti, "Achimwene, mwathira oyilo mu difu?" adzavomera ndi mtima wonse, ndipo sakunama. Koma Subaru ya otomatiki ili ndi difu ina kutsogolo yomwe ili ndi oyilo wakewake ndi kandodo kake koyezera, posiyana ndi oyilo wa giyabokosi. Funso loyenera n'lakuti, "Mwathira m'madifu onse awiri?"

Injini za Subaru zamtundu wa EJ zili ndi masilinda ogona chammbali, awiri uku awiri uko. Lamba wake wa tayimingi amasinthidwa pa makilomita pafupifupi 100,000, ndipo ku Japan amamata kapepala pa injini kosonyeza pomwe adasinthira. Lambayo akaduka galimoto ikuyenda, ku injini zambiri za mtunduwu mavalavu amapindika. Ya malita 2.5, yotchedwa EJ25, idatchuka ndi kupsa gasiketi: madzi amachepa popanda podontha, ndipo mu botolo la madzi mumatuluka thovu. Masipeya a Carib ndi Caldina savuta kwenikweni chifukwa injini zake n'zofanana ndi za Corolla ndi Corona zomwe zili ponseponse. A Subaru amafuna kusakasaka, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse choitanitsa kunja chidakwera mtengo.

Ku galaja ina ndidamva mnyamata wina wophunzira ntchito akusiyanitsa mitundu iwiri ija popanda liwu la Chingerezi n'limodzi lomwe. Pikapu adaitcha "yolowetsa", Caldina n'kuitcha "yokoka yokha". Mawu onsewa ndi afotokozi ochokera ku aneni, ndipo amagwirizana bwinobwino ndi dzina loti galimoto: yolowetsa, zolowetsa, yokoka yokha, zokoka zokha. Mwini Caldina uja, yemwe adabwera kudzagulitsa tayala limodzi lakutha n'kugula lina limodzi, atamva kuti yake ndi yokoka yokha adafunsa mtengo wa anayi.