Makilogalamu 123 a papepala

Mwini makina ophwanya miyala anafika pa fakitale ina yosungunula zitsulo atanyamula pulani. Ankafuna mawilo 20 a sitilo, lililonse mamilimita 600 m'mimba mwake, bowo lapakati mamilimita 400, kuchindikala mamilimita 100. Mu ofesi anapezamo mnyamata wongochoka kumene kusukulu ya zaumisiri, wakuthwa ndithu pamasamu. Kiyubiki mita imodzi ya sitilo imalemera pafupifupi makilogalamu 7,850, ndiye wilo limodzi linatuluka makilogalamu 123. Mnyamatayo anachulukitsa ndi mtengo wa pakilogalamu, nkuwonjezerapo phindu, nkusayina kotesheni tsiku lomwelo.

Mawa lake kapitawo wa kung'anjo anangoiona pulaniyo nkupukusa mutu.

"Mwana wanga, 123 ameneyu ndi wa wilo lopalidwa kale. Ife timathira zingati?"

"Si zomwezo, bambo?"

Sizinali zomwezo. Chitsulo chikatuluka m'chikombole cha mchenga chimakhala chokhakhala, choncho amasiyako mnofu woti akapale pa makina. Mamilimita 5 okha mbali iliyonse, amene pamaso saoneka ngati kanthu, anakweza wilolo kufika makilogalamu 149. Komanso sitilo akamazizira amanyala, mwakuti patani ya thabwa youmbira chikombole imakulitsidwa ndi mamilimita pafupifupi 20 pa mita iliyonse.

Koma pamene pamathera ndalama ndi pa ma riser. Sitilo amathiridwa atatentha madigiri pafupifupi 1,600, ndipo amayamba kuuma kunja m'kati mukadali madzi. M'katimo mukamanyala pamafunika china choti chidzaze malowo. N'chifukwa chake pamwamba pa chikombole amasiya ma riser, timiphika ta chitsulo chamadzi tokhala ngati nkhokwe yodyetsa wilolo mpaka litauma lonse. Kenako timadulidwa. Pa sitilo, timiphikati pamodzi ndi njira zothirira zimatenga gawo lalikulu, moti nthawi zambiri pa makilogalamu 100 osungunulidwa, ogulitsika amangokhala 60 kapena kucheperapo. Wilo lija linkafuna makilogalamu pafupifupi 250 m'ng'anjo. Zodulidwazo zimabwereranso kukasungunulidwa, inde, koma magetsi amene anapita sabwerera, ngakhalenso mpweya wodulira ndi tsiku la munthu wogwira galayinda. Mtengo wa patani ndi wootchanso mawilowo kuti chitsulo chikhazikike sunali pakotesheni n'komwe.

Mpaka apa kunali kuluza kopiririka, ndipo ine mnyamatayo sindimudzudzula kwambiri, chifukwa pulani sionetsa zimenezi. Chimene chimandipweteka ndi chotsatiracho. Poopa kukaulula kwa bwana, anapita kwa oumba zikombole kapitawo kulibe.

"Achimwene, ma riser awa tachepetsaniko, akudya chitsulo chambiri."

Anachepetsadi. Mawilo anatuluka okongola, osalala, opanda chilema chooneka. Ataika loyamba pa makina opalira, mpeni unangolowa mamilimita ochepa nkukumana ndi mphako. Lachiwiri chimodzimodzi, lachitatu chimodzimodzi. Mwayi wake mphakozo zinaonekera m'fakitale momwemo, chifukwa wilo lotere likasweka makina akuthamanga, zidutswa zimatha kuvulaza kapena kupha amene waima pafupi.

Onse 20 anabwerera kung'anjo. Fakitale inalipira magetsi kawiri, mchenga kawiri, antchito kawiri, pamtengo wa makilogalamu 123, ndipo mwini makina uja, atatopa ndi kudikira, oda yotsatira anakapereka kwina.