Mneni amene alibe mnzake m'Chipunjabi

Inu achinyamata amene mwayamba kuphunzitsa Chingerezi m'makalasi a madzulo ku Southall, ku Birmingham kapena ku Bradford, mwaona kale kuti mipando yambiri yadzaza ndi anthu a ku Punjab. Sizodabwitsa. Kalembera wa mu 2021 anapeza kuti ku England ndi ku Wales anthu pafupifupi 291,000 amalankhula Chipunjabi ngati chilankhulo chawo chachikulu, ndipo pa zilankhulo zobwera chimangoposedwa ndi za ku Poland ndi ku Romania. Ena mwa ophunzira anu ndi agogo amene anafika kalekale koma moyo wonse akhala pakati pa anzawo, ena angotsika kumene ndege. Onsewa amapunthwa pa mneni mmodzi wamfupi, "have", ndiye mumukonzekere asanakudzidzimutseni.

Chipunjabi chilibe mneni wofanana naye. Mwini galimoto amati "mere kol gaddi hai", kunena kwake galimoto ili pafupi ndi ine. Abale sawawerengera choncho ngati katundu ayi. Amati "mere do bhra han", achimwene anga awiri alipo. Matenda nawo ali ndi njira yawo, "mainu bukhar hai", kwa ine kuli kutentha thupi. Njira zitatu zimenezi Mngerezi amaziunjika mu mneni mmodzi. Inu musaone chachilendo, chifukwa nafenso mneniyu tilibe. Timati ndili ndi galimoto, ndili ndi ana, ndipo mutu ukatisautsa timati mutu ukundipweteka. Umenewu ndi mwayi umene mphunzitsi wobadwira ku London alibe. Iye sanayambe waonapo "have" ngati chinthu chofunika kufotokoza, pamene inu munavutika naye ku pulayimale.

Choncho musalembe pa bolodi tanthauzo limodzi n'kuyesa kuti mwamaliza. Funsani wophunzira atchule zimene zili m'thumba mwake, kenako abale ake, kenako chimene chikumuvuta m'thupi. Ayambe wanena m'chilankhulo chake, amve yekha kuti wasintha kalankhulidwe katatu. Akatero m'pamene mumuonetse kuti m'Chingerezi khomo n'limodzi.

Pamene pali ntchito yeniyeni ndi pa "I am having". Mudzamva "I am having two brothers", "I am having a shop", ndipo mudzamva kwa anthu ophunzira bwino, ena a digiri. Musawaseke, komanso musawauze kuti akulankhula zopanda mutu. Kalankhulidwe kameneka kanazika mizu m'Chingerezi cha ku India ndi ku Pakistan, ndipo kumeneko palibe amene amasokonezeka nako. Vuto limabuka pokhapokha womverayo ali wa ku Britain, chifukwa kwa iye "I am having" ndi chinthu chimene chikuchitika kapena chatsala pang'ono kuchitika: kudya nkhomaliro, kuchita phwando, kupita ku opaleshoni. Mayi akauza namwino kuti "I am having two children", namwinoyo angaganize kuti mayiyo ndi woyembekezera mapasa, pamene ana akunenedwawo ali kale ku sekondale. Uzani ophunzira anu zimenezi mosabisa. Munthu wamkulu sasiya chizolowezi chifukwa buku latero. Amasiya akadziwa kuti dokotala kapena bwana wa kuntchito amva zina. Ine ndimayamba ndi ziganizo za kuchipatala, za mayeso zimabwera pambuyo.

Za "have to" musachedwepo. Amazigwira msanga, chifukwa m'chilankhulo chawo muli kale njira yonenera kuti chinthu chamugwera munthu ndipo sangachithawe.

Chimene chidzakutengereni miyezi ndi "have" wothandiza mneni mnzake, uja wa "I have lived here for ten years". Mpunjabi akamanena zimenezi kwawo amagwiritsa ntchito nthawi ya tsopano, poti akadali pomwepo, ndipo kamawu kamodzi, "ton", kamagwira ntchito ya "since" komanso ya "for". Zotsatira zake ndi "I am living here since ten years". Maganizo ake ndi omveka ndithu, n'chifukwa chake kulakwitsaku sikuchoka msanga. Apanso Chichewa chikuthandizani ngati mungachimvetsere. Timati ndakhala kuno zaka khumi, ndipo tonse timamva kuti munthuyo sanasamuke. Kusiyana kwa ndadya ndi ndinadya mumakudziwa popanda kuganiza. Tengani kusiyana kumeneko, mukupangire zitsanzo za moyo wa ophunzirawo: zaka zimene agwira ntchito pa fakitale, miyezi imene adikira kalata ya nyumba. Mayina ataliatali a galamala asiyeni m'buku.

Kumbukiraninso kuti m'Chipunjabi mneni amabwera kumapeto kwa chiganizo. Wophunzira akamazengereza, si kuti sakudziwa. Akusamutsa mneni kuchoka kumapeto kupita pakati. M'patseni mpata, musamumalizire chiganizo. Katchulidwe musalimbane nako kwambiri tsiku loyamba. Iwo v ndi w amawatchula mofanana, monga ife timasakanizira l ndi r, ndipo "have" wawo amamveka ndithu.

Musanagawe mapepala okhala ndi zitsanzo za Chipunjabi, funsani kaye kuti wophunzirayo amawerenga zilembo ziti. Punjab anagawidwa pawiri mu 1947. A mbali ya India amalemba m'zilembo za Gurmukhi, a mbali ya Pakistan m'zilembo za Shahmukhi, zochokera ku Chiarabu ndi Chiperisiya, ndipo ambiri a ku Pakistan anaphunzira kuwerenga m'Chiurdu, osati m'chilankhulo cha pakhomo pawo. Anthu awiri angathe kucheza bwinobwino pa nthawi ya tiyi koma wina osatha kuwerenga pepala la mnzake. Poitana agogo m'kalasi, onjezerani "ji" kumapeto kwa dzina lawo, monga momwe ife timayambira ndi "a".