Colin Cameron, Loya wa ku Scotland Amene Anatula Pansi Unduna: Mafunso ndi Mayankho

Kodi Colin Cameron ndi yani, kuti ife a kunsi kwa mapiri a Dedza timve za iye?

Anabadwira ku Lanark, m'dziko la Scotland, m'chaka cha 1933, ndipo atatsiriza maphunziro a zamalamulo ku Glasgow anafika ku Blantyre mu 1957 kudzagwira ntchito ya uloya. Koma pamene boma la atsamunda, pa 3 Malichi 1959, linasesa atsogoleri a Congress ndi kuwaponya m'ndende osawazenga mlandu, mnyamatayu, amene akanatha kudya zonona pakati pa azungu anzake osavutika ndi kanthu, anasankha kuimirira eni dziko m'makhoti.

Nanga mzungu analowa bwanji m'boma la Dr. Banda?

Pa chisankho cha mu Ogasiti 1961 anaima ku Soche mothandizidwa ndi Malawi Congress Party, napambana, napatsidwa unduna woyang'anira misewu, milatho ndi mtengatenga. Iye amene anaonapo Livulezi atasefukira m'dzinja, anthu a ku Golomoti ataima tsidya lino ndi mitolo pamutu kudikira kuti madzi aphwe, sangauyese waung'ono udindo umenewo.

Chinamchotsa pampando nchiyani?

Apa ndiye pagona nkhani. Dziko linalandira ufulu pa 6 Julaye 1964; koma mwezi womwewo usanathe, nyimbo za chikondwerero zikali m'kamwa mwa anthu, Dr. Banda anauza nduna zake kuti afuna kubwezeretsa mphamvu yotsekera munthu popanda kumuweruza, mphamvu yomweyo imene inamsunga iye mwini m'ndende ku Gwelo chaka chathunthu. Cameron anakana, natula pansi udindo wake.

Ndipo tisaganize kuti anatibweretsera nzeru yachilendo. Yense amene anakhalapo pa bwalo la Inkosi Kachindamoto ku Mtakataka, kapena la nyakwawa ya mudzi uliwonse wa ku Mua, adziwa mwambo wake: wodandaula ayamba kuyala mawu ake, woimbidwa mlandu ayankha, mboni ziitanidwa, nduna zifunsa mafunso ofukula pansi, ndipo pokhapokha zonsezi zitatha mpamene mfumu itsegula pakamwa kugamula. Ngakhale Nikodemo, Mfarisi uja, anakumbutsa anzake kuti chilamulo sichitsutsa munthu chisanamumve. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma kunena zoona, kalumo aka kanali kathu komwe, mlendoyo anangokana kukataya.

Kodi anthu anamumvera?

Iyayi. Mu Seputembala chaka chomwecho, nduna zina zitasemphana maganizo ndi Dr. Banda, Orton Chirwa, Kanyama Chiume ndi Augustine Bwanausi anachotsedwa unduna, ndipo Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Henry Chipembere anatula okha. Cameron, amene anali atabwerera ku uloya, anaimira Chipembere pa mlandu wake ndi boma, ndipo chaka chisanathe anamtulutsa m'dziko.

Kodi iyeyo anakhalapo woweruza milandu?

Sanakhalepo, koma chimene anachiopa chinadzafika pa mpando wa oweruza womwe. Mu 1969 makhoti a mafumu anapatsidwa mphamvu yozenga milandu ya kupha munthu, m'mene loya sanali kuloledwa kulowa, ndipo oweruza a ku Britain a khoti lalikulu, poona kuti awalanda ntchito m'manja, anatula maudindo awo. Mu 1983 khoti lotere linagamula kuti Orton Chirwa, nduna yoyamba ya zachilungamo, pamodzi ndi mkazi wake Vera, aphedwe. Ndipo ngakhale chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse, Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu 1992.

Nanga anatha bwanji ndi dziko lino?

Anapitiriza uloya kwawo ku Scotland, ndipo patapita zaka makumi atatu, mu 1994, boma la Bakili Muluzi linamsankha kukhala kazembe waulemu woimira Malawi m'dzikomo.